Madala Nestor ndi Ndodo ya Pakhoma

Uthenga unandipeza Lachiwiri m'mawa, ndili pamzere wa magalimoto kutsogolo kwa hotela yathu ku Business Bay, kuno ku Dubai, ndikudikira mlendo woti ndikamusiye ku bwalo la ndege. Unachokera kwa Marisol, mwana wamkazi wa a Nestor. Analemba kuti bambo ake atisiya kwawo ku Philippines, mtima unangoima atangomaliza kumwa khofi wa m'mawa. Ndinauwerenga kawiri. Mlendo atatulukira ndinamunyamulira zikwama, ndinamutsegulira chitseko, koma mafunso ake onse a m'njira sindikukumbuka kuti ndinayankhapo n'limodzi lomwe.

Afilipino anzawo ankawatchula kuti Mang Nestor. Ife Amalawi ndi anzathu a ku Zambia tinkangoti Madala, ndipo atafunsa tanthauzo lake analikonda dzinalo, mpaka akamaimba foni ankayamba ndi kunena kuti ndi Madala akuyankhula. Anali mphunzitsi wa pulu m'holo ya masewera yomwe ili pansanjika yachiwiri ya hotela imene ndimayendetsako galimoto. Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, wa magalasi okhuthala omangidwa ndi kachingwe kumbuyo kwa khosi. Malaya awo onse anali ndi banga la buluu pathumba, chifukwa choko chopaka kunsonga ya ndodo ankayenda nacho chawochawo.

Tsiku loyamba kuwaona ndinawayesa okolopa. Inali nthawi ya nkhomaliro, m'holo mulibe anthu, iwo atawerama akusesa nsalu ya patebulo ndi kaburashi. Ine kwathu ku Ndirande ndinkadziwika pa pulu, pa matebulo aja oponya ndalama yachitsulo, choncho ndinawauza mwamatama kuti akamaliza kusesako tiyeseko gemu imodzi. Anavomera mwaulemu, nandipatsa mwayi woyamba kumenya. Ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse, mipira n'kubalalika, koma sunalowe n'umodzi womwe. Ndinakhala pansi kudikira nthawi yanga. Nthawiyo sinafike. Anamaliza gemu imeneyo, nayala ina, naimalizanso, mpaka magemu asanu, ine ndodo ili pamiyendo ngati mlonda wa pageti. Atatha anandiuza kuti dzanja ndili nalo, koma ndodo ndimaigwira ngati ndikufuna kupha njoka. Wogulitsa zakumwa, yemwe nthawi yonseyi ankaseka kuseri kwa kauntala, ndiye anandilozera chithunzi cha pakhoma. Mnyamata woonda wa tsitsi lambiri, mendulo ili m'khosi, mbendera ya dziko lake ili paphewa, anali madala omwewa.

Mbiri yawo sindinaimve tsiku limodzi. Inkatuluka pang'onopang'ono, makamaka m'galimoto, ndikamawaperekeza ku Jumeirah Village Circle kumene ankakhala ndi Marisol, yemwe ndi namwino. Sanayambe ngati wosewera ayi. Bambo awo anali kalipentala wokonza matebulo a pulu, ndipo iwo anakula akunyamula mwala wafulati uja umakhala pansi pa nsalu, kukoka nsalu, kukhoma timisomali, kumata mphira wa m'mbali. Tebulo likatha kukonzedwa pankafunika munthu woliyesa ngati lakhala bwino, ndipo ntchito imeneyo inali yawo. Ankakonda kunena kuti anzawo pulu anaiphunzirira pamwamba pa tebulo, koma iwo anayambira kunsi kwake. Pofika zaka makumi awiri, eni maholo anayamba kuwaitana osati kuti akakonze matebulo, koma kuti anthu adzawaone akusewera.

Anapita ku Manila ndi kachikwama kamodzi. Kuchokera kumeneko pulu inawatengera ku Japan, ku Taiwan, ku America mpaka ku Ulaya. Anaimirapo dziko lawo pa masewera a mayiko a m'chigawo chawo nabwerako ndi mendulo ya golide, ndipo zikho za m'dziko mwawo ankati anasiya kuziwerenga mayi awo atayamba kusungiramo mabatani ndi singano. Ndodo inamangira mayi awowo nyumba ya njerwa, inaphunzitsa ana aakazi atatu. Kulikonse kumene anasewera ankadziwika pa chinthu chimodzi. Ukawabisira mpira kuseri kwa unzake, poganiza kuti wawatsekera njira, iwo ankatumiza mpira woyera kukagunda mbali ziwiri kapena zitatu za tebulo, n'kukaupeza komwe unabisala. Mphira wa m'mbaliwo ankaudziwa khalidwe lake, pakuti anakula akuumata ndi zala zawo.

Koma panali chilonda. Kawiri konse anafika m'ndime yomaliza ya mpikisano waukulu wa akatswiri a mayiko ambiri, ndipo kawiri konse anagonja pa gemu yotsiriza. Kwawo anthu anawapatsa dzina la chipongwe lomwe m'Chichewa tingati Wachiwiri. Nkhaniyi sankaibisa. Anandiuza kuti ulendo womaliza uja m'manja munali thukuta, mpira wa nambala naini unayenda bwinobwino n'kukaima pakamwa penipeni pa bowo, ngati mlendo wodikira kuti amuuze kuti lowani. Atapitirira zaka makumi asanu maso anayamba kuchita nkhungu, maitanidwe a ku mipikisano n'kuchepa, ndiye pamene Marisol anawapezera ntchito ya uphunzitsi kuno.

Ntchitoyo ankaigwira ngati holoyo ndi yawo. Lolemba lililonse ankatsitsa ndodo zonse za pakhoma, zija amagwiritsa ntchito aliyense wongodutsa, n'kumazigubuduza patebulo imodziimodzi kuti aone yopindika. Ankazipala, kuzisintha kachikopa ka kunsonga, kuzipukuta. Bwana wa holo ankadandaula kuti ntchito imeneyo si ya katswiri, iwo n'kumuyankha kuti munthu wobwera kudzasewera koyamba ukamupatsa ndodo yokhota, amapita kwawo akuganiza kuti wokhota ndi iyeyo. Ndi bwana yemweyo anakangana mwezi wathunthu pa nkhani ya makina oziziritsa mpweya, omwe ankauzira molunjika patebulo lina. Bwana ankati mphepo singasunthe mpira. Iwo ankati siisuntha mpira koma imasintha nsalu. Tsiku lina anangofika ndi makwerero, nakhomapo katoni yokhotetsa mphepoyo, ndipo katoniyo inakhala pamenepo mpaka akatswiri a makinawo anabwera kudzaika chitsulo chooneka bwino pamalo omwewo.

Foni patebulo sankailola. Ikalira uli pakati pa gemu, ankasonkhanitsa mipira yonse n'kunena m'Chiarabu kuti khalas, ndiye kuti basi zatha, kayankheni, tidzasewera mukadzapeza nthawi. Anthu olemera a m'maofesi a ku Business Bay ankabwerera kwawo atakwiya, koma sabata yotsatira ankabweranso foni atazimitsa. Pophunzitsa sankachulutsa mawu. Ankati mpira umene ukuponya m'bowo ndi nkhani yatha kale, nkhani yeniyeni ndi ya komwe woyera akaime. Ankatinso anthu akakuombera m'manja chifukwa cha kumenya kodabwitsa, udziwe kuti unalakwitsa pa kumenya kwa m'mbuyo mwake, pakuti wosewera bwino amatopetsa oonerera.

Mnzawo wokangana naye Lamulungu lililonse anali a Mwale, injiniya wa ku Chipata, chimunthu chachitali cha mawu aakulu, chomwe chinagula ndodo yodula kwambiri ndipo chinkamenya mpira ngati chikuswa mwala. A Mwale ankati Afilipino amapambana pulu chifukwa ndi aafupi, maso awo ali kale pafupi ndi tebulo. Madala ankati a Mwale ndi munthu yekhayo amene anamuonapo akuchita phokoso lambiri chonchi popanda mpira wolowa. Tsiku lina mkangano utakula, Madala ananena kuti atha kutenga munthu amene sanagwirepo ndodo chibadwire, ndipo pakatha miyezi itatu munthuyo adzagonjetsa a Mwale. A Mwale anayang'ana uku ndi uku, naloza mayi Esnart.

Mayi Esnart ndi a ku Kasungu, amalera ana m'nyumba ina ku Jumeirah. Lamulungu ndi tsiku lawo lokhalo lopuma, ndipo akaweruka ku tchalitchi ankabwera ndi anzawo kudzakhala pozizira, kumwa zoziziritsa kukhosi ndi kucheza m'chinenero chathu. Poyamba anakana kwamtuwagalu, amvekere pulu ndi masewera a kumowa, iwo ndi mayi wa mpingo. Madala sanatsutsane nawo. Anangowapempha kuti agubuduze mpira umodzi ndi dzanja kukafika kutsidya kwa tebulo n'kubwerera. Mpirawo unabwerera n'kudzaima pa zala zawo. Madala anati munthu amene amatha kuika khanda logona pabedi osalidzutsa, dzanja la pulu ali nalo kale. Anawapatsa ntchito ya kunyumba yoti azilowetsa mpini wa tsache m'botolo lotakata pakamwa logoneka patebulo la kukhitchini, osakhudza m'mbali, kambirimbiri tsiku lililonse ana akapita kusukulu.

Itakwana miyezi itatu holo inadzaza. Mayi Esnart anasewera atavala diresi lawo la kutchalitchi, mofatsa, osayang'ana munthu. Anapambana magemu asanu, a Mwale atatu. A Mwale anakhala pansi atagwira mutu, nati, "Manje nizauza chani anyamata ku saiti?" Madala anawasisita paphewa n'kuwalangiza kuti akangonena kuti mayiwo ndi aafupi.

Kubwezera kwa a Mwale ndi kumene kunabweretsa tsiku lalikulu la moyo wa Madala. Kunamveka kuti kuno ku Dubai kuchitika mpikisano wotsegukira aliyense, ndipo kubwera akatswiri ochokera m'mayiko ambiri. A Mwale anakalembetsa dzina la Madala mwakachetechete, n'kudzawaikira kapepala kake patebulo anthu akuona, amvekere tione ngati pakamwa ndi dzanja zimagwirizana. Nthawi imeneyo Madala anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza ziwiri, diso limodzi atalichititsa opaleshoni ya ng'ala chaka chapitacho. Anakwiya masiku awiri osayankhula ndi a Mwale. Marisol anawaletsa, poopa kuti akachita manyazi pamaso pa ana obadwa dzulo, chilonda chakale n'kutsegukanso. Tsiku lachitatu ndikufika kuntchito sikisi koloko m'mawa ndinamva mipira ikugundana m'holo. Anali okha, akubwereza kumenya kumodzimodzi, ndipo anachita zimenezo m'mawa uliwonse kwa milungu isanu ndi umodzi.

Mpikisanowo unali wa mipira isanu ndi inayi. Mipirayo imakhala ndi manambala, umayenera kuyamba kugunda wa nambala yotsika, ndipo wolowetsa naini ndiye watenga gemu. Madala anayamba kugwetsa anyamata mmodzimmodzi, ena a iwo ana a anthu omwe anasewera nawo kale. Lachisanu madzulo anapambana ndime yachiwiri kwa yomaliza. Ndikuwatsitsa ku Jumeirah Village Circle anali atatopa moti ankakoka miyendo. Anandiuza kuti Loweruka sakhudza ndodo, apuma, choncho ndiitenge ndikaitsekere m'kabati ya kuholo kwathu, ndipo ndidzabwere nayo Lamulungu kumalo a mpikisano.

Ndodo imeneyo anawapangira ndi bambo awo, ndi manja, kuchokera ku mtengo umene anausunga zaka zambiri. Mendulo ya golide, nyumba ya mayi awo, sukulu ya Marisol, zonse zinadzera m'ndodo imeneyo. Ndinaiika kubuti. Ndisanafike kuhotela foni inalira kuti pali alendo ondidikira ndipo nditenge basi yaing'ono. Galimoto ija ndinaiimika pamalo oimika magalimoto a padenga, poyera, n'kuthamangira alendo. Unali mwezi wa Ogasiti, pamene kuno dzuwa limaotcha ngati moto. Loweruka lonse ndinayendetsa basi.

Lamulungu masana ndinatsegula kabati kuti nditenge ndodo, ndipo ndinapeza mulibe. Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira. Ndinakwera masitepe a padenga ndikuthamanga. Chikwama cha ndodo chinali chotentha moti ndinachinyamula ndi thaulo.

Madala ndinawapeza m'chipinda choyeserera cha kumalo a mpikisano, ali ndi Marisol, a Mwale ndi mayi Esnart. Ndinawauza zoona zokhazokha, maso ali pansi. Madala anatsegula chikwama, nalumikiza zigawo ziwiri za ndodo, naigubuduza patebulo. Inayenda motsimphina. Atakhudza kachikopa ka kunsonga ndi chala, kanathothoka n'kugwera pansalu. Marisol anagwira pakamwa. A Mwale anayamba kundikalipira, koma Madala anatukula dzanja, a Mwale n'kulekera pomwepo. Ndime yomaliza inali ya folo koloko, ndipo nthawi inali itangopitirira hafu thu.

Nkhani inafalikira msanga. Osewera a ku Philippines omwe anali atagonja kale anabwera ndi ndodo zawo zodula, aliyense akupempha kuti atenge yake. Madala anayesa zitatu, nazibweza ndi kuthokoza. Ankati ndi zabwino, koma sakuzidziwa ndipo nazo sizikuwadziwa. Kenaka anatembenukira kwa ine, kwa nthawi yoyamba chibwerere.

"Pita kuholo kwathu. Pakhoma, kuyambira kumanzere, ndodo yachitatu. Ili ndi chipsera cha ndudu kumunsi. Yalla, fulumira."

Sindinayendetsepo galimoto ngati tsiku limenelo, ndipo sindikufuna kudzateronso. Ndodo za pakhoma sizimasulidwa pakati, choncho ndinaigoneka kuchokera pampando wakumbuyo mpaka pagalasi lakutsogolo. Ndinalowa nayo m'holo ya mpikisano kutatsala mphindi khumi, ili paphewa ngati mpini wa khasu, ndipo anthu ankaseka ndikamadutsa. Holoyo inali itadzaza Afilipino, anamwino, operekera zakudya, ogulitsa m'masitolo, ena adakali m'mayunifolomu, atapempha kusinthana mashifiti kuti adzaone Mang Nestor.

Wopikisana nawo anali mnyamata wa ku Ulaya, wamtali, wa zaka zosakwana makumi atatu, wokhala ndi ndodo zitatu m'chikwama chachikopa. Woyamba kufika magemu khumi ndi imodzi ndiye amatenga chikho. Chiyambi chinali chowawa kuonerera. Ndodo ya pakhoma inali yolemera kuposa yawo, ndipo mpira woyera unkapitirira pomwe ankafuna kuti uime. Mnyamata uja sankaphonya. Posakhalitsa anali ndi magemu asanu ndi awiri, Madala awiri okha. Kumbuyo kwanga munthu wina anatchula dzina la chipongwe lija motsitsa mawu. Mayi Esnart anali atatseka maso, milomo ikuyenda. Ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Madala anadzandiuza pambuyo pake kuti magemu oyamba aja sankasewera ndi mnyamatayo, ankafunsa ndodo kuti imafuna chiyani. Itawayankha, anasintha kaseweredwe. Anasiya kulimbana ndi mipira yovuta. Akaona kuti njira siili bwino, ankangokankha woyera pang'ono n'kumubisa kuseri kwa mipira ina, mnyamata n'kudzuka kudzapeza palibe pomenya. Mnyamatayo akawabisira nawonso, iwo ankazungulira tebulo, chikhato chikusisita mphira wa m'mbali, kenaka woyera n'kuyenda ulendo wake wokhotakhota mpaka kukagunda mpira woyenera. Masewera anayamba kuchedwa, ndipo kuchedwako kunkamudya mnyamata uja. Anayamba kupukuta m'manja pafupipafupi. Magemu a Madala anakwera, anayi, asanu ndi limodzi, asanu ndi atatu. A Mwale anasiya kukhala pansi. Dzuwa likupendeka kunja, onse awiri anali ndi magemu khumi.

Gemu yotsiriza anayamba ndi mnyamata. Analowetsa mipira mpaka wa nambala sikisi, koma woyera anamuthawa pang'ono. Poona kuti seveni sangalowe, anachita zanzeru: anakankhira seveni kumapeto kwa tebulo, woyera n'kumumatiza kuseri kwa eyiti. Holo yonse inausa moyo. Madala anadzuka pang'onopang'ono. Anazungulira tebulo kamodzi, naima, nazunguliranso. Kenaka anawerama n'kuloza ndodo kumbali yosiyana kotheratu ndi komwe kunali seveni. Woyera anagunda mbali yoyamba, yachiwiri, yachitatu, nadza kumbuyo kwa seveni n'kumukhudza, ndipo seveni anayenda mwaulesi mpaka kugwera m'bowo la pakona. Anthu anayamba kukuwa, woyimbira n'kuwakhalitsa chete. Eyiti analowa mosavuta. Panatsala naini, kutali, kutsidya kwa tebulo.

Apa Madala anaimika ndodo. Anavula magalasi nawapukuta. Anatenga thaulo napukuta chala chimodzichimodzi, mosafulumira, ngati munthu amene wangomaliza kudya. Marisol anabisa nkhope paphewa la mayi Esnart. Atawerama, anamenya mofewa kwambiri moti ndinaganiza kuti mpira sufika. Unagubuduka, unagubuduka, unafika pakamwa pa bowo, n'kulowa.

Phokoso lake sindingathe kulifotokoza. Mayi Esnart anaimba nthungululu yomwe inapyoza phokoso lonselo, Afilipino n'kutembenuka kuti aone kuti n'chiyani, kenaka ena n'kuyamba kuyesa kutsanzira. A Mwale analumpha chingwe chotchinga, nawanyamula Madala m'mwamba ngati mwana, miyendo ya matewe ija ikupalasa mumlengalenga. Mnyamata wa ku Ulaya anabwera kudzapempha kuti aione ndodoyo. Anaitembenuza, naona chipsera cha ndudu, naseka mopukusa mutu, kenaka anawagwira chanza ndi manja awiri. Atawapatsa chikho ndi chimkuzamawu, Madala anathokoza Mulungu, mwana wawo ndi onse obwera, namaliza ndi mawu ochepa.

"Dzina langa ndine Nestor. Wachiwiri uja wapuma pantchito lero."

Ine ndinkaganiza kuti chikho chafafaniza mlandu wanga. Sizinali choncho. Kwa milungu itatu sanandiyankhule. Ankakwera basi kupita kwawo, ine galimoto ili pakhomo. A Mwale poyesa kutiyanjanitsa ananena kuti mwina kuiwala kwanga kunali mwayi, popeza ndodo yakale ija ndi yomwe inagonja kawiri. Sindinawaonepo Madala atapsa mtima ngati tsiku limenelo. Anati ndodo ya bambo awo sinagonjepo, amene anagonja ndi iwo, ndipo munthu asadzayerekeze kuinenera zoipa ili chigonere.

Lolemba lina anandituma munthu kuti ndipite kukachipinda kawo kogwiriramo ntchito. Ndodo ija inali italendewera kudenga pa chingwe, kumunsi atamangirirako chitsulo cholemera kuti mwina iwongoke. Anandifotokozera mmene bambo awo anaipalira, masiku angati, ndi mmene anakanira kuipaka utoto wonyezimira kuti dzanja lizimva mtengo. Anati chikho achipeza, koma zili ngati bambo awo awaika m'manda kachiwiri. Ndinapepesa, misozi ikutsika. Kenaka anandipatsa sandipepala ndi kampeni, nakoka mpando, nayamba kundionetsa kamatidwe ka kachikopa ka kunsonga. Madzulo ake anakwera galimoto yanga n'kuyamba kudandaula za mmene ndimapondera mabuleki, ndipo ndinadziwa kuti nkhani yatha. Ndodo ya bambo awo sinawongoke kwenikweni. Anapita nayo kwawo ili choncho.

Ya pakhoma ija bwana wa holo anafuna kuitsekera m'bokosi lagalasi, pansi pake alembepo mbiri yake. Madala anakana. Anaibwezera pamalo pake, nati ndodo yotsekeredwa m'galasi ndi nkhuni chabe. Alendo ambiri aisewerera osadziwa kuti agwira chiyani.

Anakhala nafe zaka zina ziwiri. Chikho chija chinawabweretsera ophunzira ochuluka, ndipo awiri mwa iwo anafika poimira mayiko awo. Maitanidwe a ku mipikisano anayambanso kubwera, koma onse anawakana, amvekere munthu ukakhuta umasamba m'manja. Diso linalo litayamba kuvuta anaganiza zobwerera kwawo, kumene anatsegula kamalo ka matebulo awiri kuseri kwa nyumba ya njerwa ija. Ankatitumizira mavidiyo akuphunzitsa adzukulu awo aakazi, ndipo pa uthenga uliwonse ankafunsa ngati a Mwale ayamba kulowetsa mipira.

Lamulungu lotsatira uthenga wa Marisol tinakumana kuholo, ine, a Mwale ndi mayi Esnart. Tinafika masana anthu asanachuluke. Pafupi ndi tebulo la pakati pali chipilala, ndipo patsinde pake pali mpando wamtali wopanda chotsamira, pomwe ankakhala akamaonerera ophunzira. Mpandowo ulipobe, palibe amene anauchotsa, koma sindinaonepo munthu ataukhalira. Pachipilalapo, pomwe ankatsamiritsa mutu, mafuta a m'tsitsi lawo anasiya banga lozungulira. Opaka penti anapakapo kawiri chichokereni iwo, koma bangalo limatulukirabe, m'munsi kwambiri moti wamtali aliyense ayenera kuwerama kuti alione. A Mwale anawerama, nakhala chiweramire nthawi yaitali.

Mayi Esnart anayala mipira kuti tisewere gemu imodzi yowakumbukira. Chapakati pa gemu a Mwale anawabisira mpira. Mayiwo anazungulira tebulo, nayeza ndi maso, natumiza woyera kukagunda mbali ziwiri, ndipo anakaupeza mpirawo n'kuulowetsa. Asanawongoke n'komwe anatembenuza mutu kuyang'ana kuchipilala kuti aone ngati Madala agwedeza mutu. Anayang'ana mpando uja kanthawi, ndodo ili m'manja. Kenaka anapaka choko kunsonga, nawerama kuti amenye wotsatira.